Anasasula Nyumba ya Patuma

Patuma Sumani anabadwira ku Ntaja, m'boma la Machinga, kumene munda wa banja lonse munthu ankaulima m'mawa umodzi n'kuweruka dzuwa lisanayambe kuwawa. Anakwatiwa akadali mtsikana ndi Lemani, mnyamata wosalankhulalankhula amene ankasoka nsapato pamsika. Malo omangapo nyumba pamudzipo panalibe, choncho awiriwo ankagona m'khitchini mwa mayi ake a Patuma pamodzi ndi nkhuku. Mwana wawo woyamba, Asiyatu, anaphunzirira kukwawa pakati pa mafuwa.

Chaka china m'chilimwe, pamsikapo panaima lole ya anthu ofuna matenanti okalima fodya ku Kasungu. Mkulu wa loleyo ankalonjeza munda, phoso ndi nyumba. Amuna ankafunsa za mtengo wa fodya, koma Patuma anafunsa chimodzi chokha.

"Nyumbayo ikakhala ya ife tokha, yokhala ndi chitseko chake?"

Atamuyankha kuti inde, iye ndi amene anaumiriza mwamuna wake kuti akwere.

Esitetiyo inali ku Chisemphere, pachigwa chathyathyathya chimene mitengo yake inathera kumangira zigafa zoumitsira fodya. Mwini wake, bwana Duncan, ankakhala pa Boma ndipo ankangobwera mwa apo ndi apo pagalimoto. Amene ankalamulira zonse anali kapitawo wake, Tsoka, munthu wamfupi wa mapewa otambalala, woyenda atavala jombo ngakhale kunja kukuwotcha, chikoti chodulidwa ku tayala chili kumanja. Nayenso anali mwana wa matenanti a ku Dedza, koma zimenezo sankafuna kukumbutsidwa.

Nyumba imene anawapatsa inali kumapeto kwa mzere wa tinyumba tamdindo. Denga linali lovunda, chitseko cha mapesi, pansi podzaza ndi manyi a mbuzi. Lemani anagwetsa nkhope, koma Patuma anangomanga chitenje m'chiuno. Anamweta udzu kudambo, mwamuna wake n'kufolera. Anazira pansi ndi dothi lakuda, n'kubzala maungu kuseri. Mnzake wa khomo loyandikana, Feggie wa ku Phalombe, ankamuseka kuti, "Amnzanga, mukukongoletsa khola la eni ake." Patuma ankangoyankha kuti khola lomwelo ndi limene akugonamo.

Tanthauzo la mawu a Feggie analiona chaka choyamba chomwecho. Pakati pa mzerewo pankakhala a Lameki, bambo wachikulire amene chifuwa chinawagwira pa nthawi yowokera fodya, moti munda wawo unamera udzu. Masana ena Tsoka anafika ndi anyamata awiri. Anawakoka a Lameki miyendo kuchokera pamphasa, mutu ukugunda pakhomo. Akazi awo atagwada kuti apepese, Tsoka anawakwapula chikoti kumaso mpaka chikope chinang'ambika. Kenako anayatsa machesi n'kuika padenga, kuti pasadzakhale pobwerera. Matenanti onse anaima patali, manja kumbuyo, akuonerera moto. Patuma anaphimba maso a Asiyatu ndi chikhatho, koma iye mwini anayang'ana mpaka phaso lomaliza litagwa. A Lameki ananyamuka akutsokomola, atatsamira akazi awo, kulowera kumsewu. Palibe amene anamvanso za iwo.

Patuma anauza mwamuna wake kuti, "Che Lemani, pano tisamadwale."

Sanadwaledi. Anagwira ntchito ngati abulu: kuthirira nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka masamba, kupachika pachigafa, kusankha ndi kudinda mabelo. Manja a Patuma anada ndi phula la fodya moti ngakhale sopo analephera. Anabereka mwana wachiwiri, nayenso wamkazi, ndipo mwanayo anakulira kumbuyo, m'mizere ya fodya. Chaka china wailesi inalengeza kuti boma laletsa utenanti. Pa esitetipo chinasintha ndi dzina lokha. Tsoka anawasonkhanitsa n'kuwauza kuti kuyambira tsikulo azitchedwa antchito, kenako anawathamangitsira kumunda.

Lemani anafa m'mwezi wa Febuluwale. Mvula inali itagwa yosalekeza, nsichi za chigafa chachikulu zinafewera m'dothi, ndipo fodya wamuwisi amene anapachikamo anali wolemera. Lemani anali atauzako Tsoka kuti chigafacho chikupendama. Tsoka anamuyankha kuti alowe akachichirikize yekha ngati akuchimvera chisoni. Analowadi ndi mtengo paphewa, ndipo chigafa chinamugwera. Pamene anthu ankachotsa udzu ndi mitengo, anamupeza mtanda utamupana pachifuwa, magazi akutuluka m'mphuno ndi m'makutu. Asilamu a patireding'i anabwera kudzamusambitsa, n'kukamuika kumanda kwawo tsiku lomwelo. Kwawo ku Ntaja uthenga unapita pafoni.

Mwa mwambo wa Chisilamu, mkazi wamasiye amakhala m'nyumba imene mwamuna wake wamusiyamo mpaka miyezi ya maliro, imene amati eda, itatha. Patuma anakonzeka kutero. Ankatuluka kupita kumunda kokha, poti fodya anali atakhwima ndipo fodya sadikira misozi.

Sabata isanathe Tsoka anafika pakhomo, osaodira n'komwe.

"Bwana ati nyumbayi ikufunika. Kukubwera banja lina lokhala ndi mwamuna."

"A kapitawo, dothi la pamanda a Che Lemani silinaume," anatero Patuma. "Ndili pa eda. Fodyanso ali m'munda ndi wathu, tinawokera tokha. Ndimaliza ndekha."

"Mkazi samaliza munda. Mawa ndisakupeze muno."

"Ndipite kuti ndi anawa, mvula yonseyi?"

"Kumene unachokera kunagwa chigumula?"

Mawa lake anamupeza momwemo. Anazula chitseko n'kupita nacho. Patuma anapachika chiguduli pakhomo. Anamudula phoso, iye n'kumaphika nkhwani ndi maungu anthete a kuseri kuja, Feggie akumupatsirako ufa mobisa. Feggie anamuchonderera kuti achoke ali moyo. Patuma anati akachoka fodya asanagulitsidwe ndiye kuti Lemani wafera pachabe.

Tsoka anamubwerera m'mawa wina mvula itangokata, anthu ambiri ali kumunda. Anali ndi anyamata atatu amene anawatola patireding'i, onse akununkha kachasu. Patuma anali pakhonde akusoka fodya wothyola dzulo lake, akuboola masamba ndi singano yaitali yosulidwa ku sipoko ya njinga. Atawaona, anatsomeka singanoyo pampango wa kumutu, n'kulowetsa ana m'nyumba.

"Tuluka, mayi iwe, tisachite kukunyamula," anakuwa Tsoka ali panja.

Patuma anamva mapazi padenga. Anyamata awiri anali atakwera ndi zikwanje, akudula luzi n'kumaponya udzu pansi. Mwaye ndi madzi akuda zinayamba kugwera pamphasa, kenako kumwamba kunaoneka mitambo. Mwana wamng'ono uja analira, Asiyatu n'kumukumbatira pakona. Mnyamata wachitatu analowa n'kuyamba kuponya katundu panja: mapoto, bulangete, malaya a malemu, kathumba ka ufa kamene kanaphulikira m'matope.

Patuma anakumbatira mzati wa pakati panyumba, n'kulukanitsa zala.

Anamukoka m'chiuno koma sanasiye. Tsoka anamukwapula chikoti kumsana mpaka bulauzi inang'ambika, khungu n'kutseguka. Mnyamata wina anamumenya zala ndi msana wa chikwanje, chikhadabo chimodzi n'kuthothoka. Iye anangoluma mlomo, maso atatseka, akutchula dzina la Mulungu chamumtima. Tsoka atatopa nacho chikoti anatola phaso limene linagwa kuchokera kudenga, nalikweza ndi manja awiri, n'kumumenya nalo pamkono wamanja. Fupa linalira ngati nkhuni youma. Mkono unalendewera, ndipo anamukokera panja chafufumimba, chibwano chikukhula m'matope.

Asiyatu anasiya mng'ono wake n'kuthamangira kukagwira chitenje cha mayi ake. Tsoka anamukankha, mwanayo n'kubwereranso. Kachiwiriko anamuponda ndi jombo pakamwa. Mwanayo anagwa chagada, osalira n'komwe, n'kudzuka atayasama, magazi akuyenderera pachifuwa, mano akutsogolo palibe.

Patuma sanaganize kanthu. Dzanja lamanzere linapita lokha kumpango. Tsoka anali atawerama kuti amugwirenso mwendo, ndipo Patuma anadzuka ndi bondo limodzi n'kumubaya singano ija m'diso ndi mphamvu zonse zimene zinamutsalira. Tsoka anabangula ngati ng'ombe yozingidwa. Anazandima chambuyo, manja kumaso, singano ikali yozikika, n'kukagwera pamulu wa udzu umene anasasula.

Anyamata aja anamugwera Patuma ndi mapazi ndi mitengo. Anamuponda nthiti, mutu, paliponse. Akanamupha pakanapanda Feggie, amene anamva kukuwa ali kumunda, nathamanga n'kudzigwetsa pamwamba pa mnzakeyo. Amuna ena a pamzerewo anafika ndi makasu m'manja, ndipo ulendo uno sanaime patali. Anyamatawo ataona makasu anabwerera m'mbuyo. Komabe anamumanga Patuma miyendo ndi linya n'kumuponya m'ngolo imodzi ndi Tsoka, wina akubuula uku wina ali chikomokere, ng'ombe zikuwakokera kumsewu.

Patuma anatsitsimukira m'chipatala pa Boma, mkono uli m'chikhakha, wapolisi wamkazi atakhala pafupi ndi bedi. Anamuuza kuti ana ali kwa Feggie, kuti diso la Tsoka latheratu, ndiponso kuti akachira akayankha mlandu wovulaza munthu. Patuma anatembenukira kukhoma. Ankadziwa kuti basi, yake yatha.

Patapita masiku, kuchipatalako kunabwera mayi wina wa bungwe lothandiza anthu osauka pa milandu, dzina lake Comfort. Anali wamtali, wa mawu okhuthala, ndipo polankhula ankasakanizako Chitumbuka. Anakoka mpando n'kumvetsera nkhani yonse osadula.

"Asanabwere kudzasasula, anakupatsani notisi, amayi?"

"Notisi ndiye chiyani?"

"Kukuuzani nthawi ikadalipo kuti pofika mwezi wakutiwakuti mudzakhale mutatuluka."

"Anati mawa ndisakupeze."

"Nanga pobwerapo anali ndi munthu wa kukhoti?"

"Anali ndi anyamata a kachasu."

"Ndiye mvetserani. Za disolo mukayankha, sindikunamizani. Koma iwonso ali ndi zoti akayankhe, ndipo ndi zambiri."

Patuma anapukusa mutu. "Nyumbatu ndi ya bwana. Malo ndi awo."

"Ndi yawodi. Koma anakulowetsanimo okha, ndipo mwakhalamo zaka ndi ana. Munthu wokhala m'nyumba ya wina, kaya ndi ya lendi kaya ndi ya pantchito, satulutsidwa ndi chikoti. Mwini wake amayamba wamuuza nthawi yokwanira. Akakana kutuluka, mwiniyo amapita kukhoti, khoti n'kumva mbali zonse. Kuzula chitseko, kusasula denga, kumenya mwana, zonsezo ndi milandu."

"Nanga a Lameki aja bwanji anawawotchera, palibe anamangidwa?"

"Panalibe amene anakanena," anatero Comfort. "Inu muli ndi mboni?"

Apa ndi pamene panavuta. Amuna amene anathamanga ndi makasu aja atamva za khoti anayamba kuyang'ana pansi. Aliyense anali ndi fodya m'chigafa ndi ana m'nyumba ya bwana yemweyo. Anavomera ndi Feggie yekha. Mwamuna wake atamva, anamumenya mpaka diso linatupa, akumufunsa ngati akufuna kuti nawonso awasasulire. Tsiku la mlandu Feggie anatuluka ngati akupita kuchigayo, n'kukwera kabaza mpaka pa Boma. Analowa m'khoti ndi diso lotupalo, Asiyatu ali kudzanja.

Woweruza anali mayi wa magalasi, wolankhula motsitsa. Anamva Feggie. Anauza Asiyatu kuti atsegule pakamwa, nayang'ana kanthawi ndithu. Anaonanso mikwingwirima ya kumsana kwa Patuma. Kenako anaitana bwana Duncan, amene anabwera atavala suti, makiyi a galimoto akulira m'dzanja.

"Ine, bwana woweruza, sindinatume munthu kukamenya wina," anatero bwanayo. "Ndinangoti akakambirane nawo mayiwa mwamtendere. Zinazo ndi nzeru za kapitawoyu."

Tsoka, amene anakhala mbali inayo ndi bandeji kumaso, anatembenuza mutu wonse kuti amuone bwino ndi diso lotsalalo.

"Bwana, si munati ndisasiye ngakhale udzu umodzi?"

"Ndinanena pali ndani?"

Panalibedi amene anamva.

Woweruza anafunsa bwanayo ngati anapereka notisi kapena kubwera kukhoti asanafune nyumbayo. Bwanayo anati nyumba ndi yake, sangachite kupempha chilolezo pa chinthu chake. Mayiwo anavula magalasi n'kumuuza kuti nyumba ndi yakedi, koma khoti si lake.

Chigamulo chinatuluka chonchi. Patuma anapezeka wolakwa pa mlandu wa diso, koma poona mmene anamuzunzira ndi zimene anachita kwa mwana wake iye akuona, sanamutsekere. Anamuchenjeza kuti akadzapalamulanso adzalowa ndende. Tsoka ndi anyamata awiri amene anagwidwa anapita kundende, wachitatu anathawira ku Zambia. Bwana Duncan sanagone m'chitokosi ngakhale tsiku limodzi. Pa dandaulo la nyumba limene Comfort anathandiza kukapereka, anamulamula kuti afolerenso, abweze chitseko, alipire zimene zinawonongeka, ndipo asamukhudze Patuma mpaka fodya wake atagulitsidwa.

Patuma anabwerera ku Chisemphere mkono ukali m'chikhakha. Denga analifoleradi, koma mwa mwano, moti mvula ikagwa ankatchera mapoto pakati panyumba. Kumunda anapeza mizere yambiri itatchetchedwa ndi chikwanje, masamba akuwolera pansi. Palibe amene anaona wochita zimenezo. Ena pamzerepo anasiya kumupatsa moni poopa kapitawo watsopano. Ena ankabwera mbandakucha kudzamuthyolera mzere umodzi kapena iwiri, n'kuchoka osalankhula. Kusoka sankathanso ndi dzanja limodzi, ndiye amene ankasoka anali Feggie, iye akumupatsira masamba. Anamalizira eda m'nyumba imeneyo, monga ananenera.

Msika wa fodya utatha, bwana anawauza a Feggie ndi mwamuna wake kuti chaka chamawa sakuwafunanso. Ulendo uno anawapatsa notisi ya mwezi wathunthu, pamaso pa anthu, ndipo panalibe chimene akanachita. Anakwera lole yopita kumwera. Potsanzikana, Feggie anati, "Amnzanga, musadandaule. Amuna angawa kwathunso ankandimenya."

Patuma ku Ntaja sanabwerere. Ankati sangabwerere kukagona ndi nkhuku, komanso manda a Che Lemani ali kuno. Anapeza chipinda cha lendi kuseri kwa msika wa pa Boma. Asanalowemo anaitana anthu awiri oyandikana nawo, n'kufunsa mwini nyumbayo pamaso pawo kuti akadzafuna chipinda chake adzamuuza nthawi yotalika bwanji. Mwini nyumbayo anaseka, n'kunena kuti sanaonepo wa lendi wofunsa za kutuluka asanalowe. Koma anayankha.

Masiku ano Patuma amakazinga chinangwa pafupi ndi depoti ya minibasi. Mkono wamanja unapola mokhota ndipo sunyamula ndowa, choncho anaphunzira kuchita zonse ndi wamanzere. Kunja kukazizira nthiti zimamupweteka. Asiyatu ali pasukulu. Mano aja anali achikulire kale, sanamerenso, ndipo akamaseka amaphimba pakamwa.

Tsiku lina masana, pachiwaya pake panaima mayi wina atasenza mtolo wa zovala, ana awiri ali pambuyo. Pamphumi anali ndi bala la dzulodzulo. Patuma anamuzindikira nthawi yomweyo. Anali mkazi wa Tsoka, amene kale ankatunga madzi pamjigo osaima pamzere.

"Mayi a Asiyatu," anatero mayiyo, maso ali pansi. "Atithamangitsa. Kapitawo watsopano uja wabwera pakhomo dzulo, wazula chitseko, katundu watiponyera panja. Nditafunsa kuti ndipite kuti poti bambo ali kundende, wandigenda ndi njerwa. Anthu andiuza kuti inu mukudziwa kumene amathandiza."

Patuma anatembenuza chinangwa m'mafuta. Anayang'ana balalo, n'kuyang'ana anawo. Wamng'onoyo anali ndi mapewa a bambo ake.

"Mudutse depotiyi, mukhotere kumanzere ngati mukupita kuchipatala," anatero. "Mukaona nyumba ya utoto wobiriwira. Mukafunse mayi Comfort. Balalo musalitsuke, akalione kaye."

"Simungandiperekeze?"

"Ayi."

Mayiyo anaimabe pang'ono, kenako anakonza mtolo pamutu n'kuwauza anawo kuti atsogole. Patuma sanawayang'anenso. Mafuta anali atayamba kufuka, ndipo kondakitala wina anali akudikira chinangwa chake.